Fyuzi ya pallet jack ikapsa osamangapo waya, nazi zoyenera kudziwa

Achinyamata ambiri amene akusaka ntchito masiku ano akumaipeza m'maweyahausi. Ena ali ku Kanengo ku Lilongwe, ena ku Makata ndi ku Chirimba ku Blantyre, ndipo abale athu amene anatsikira ku Joni ambiri akugwira ntchito yomweyi ku City Deep ndi ku Germiston. Kale katundu yense ankayenda pamutu ndi pamsana, koma pano mabwana ena anagula timakina tonyamulira katundu woikidwa pa mapaleti. Tina n'topopa ndi manja, tina timayendera batire. Ta batiretu ndi timene ndikufuna tikambirane lero, makamaka kachipangizo kamodzi kakang'ono kamene kali m'kati mwake, fyuzi.

Mwina mukuti nkhani ya fyuzi n'njoyenera amakaniko, osati ife. Koma taganizani izi. Thiraki yaima pageti kudikira katundu, dalaivala akuliza hutala, bwana akukuwa, ndiye pallet jack yangozima. Wina akutsegula chivundikiro, akupeza fyuzi yapsa, ndipo nthawi yomweyo pamapezeka dolo wina wonena kuti, “Aise, tangomangapo kawaya tione.” Amene wagwira chigwiriro cha makinawo nthawi imeneyo si makaniko, ndi inuyo. Zikavuta, dzanja lopsa ndi lanu, ndipo dzina limene likatchulidwe ku ofesi ndi lanunso.

Fyuzi imagwira bwanji ntchito?

Fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kamene anakapanga dala kuti kakhale malo ofooka kwambiri pa njira yonse imene magetsi amadutsa. Magetsi akamayenda mu waya, wayayo amatentha. Akachuluka kupyola muyezo, kachitsulo ka mu fyuzi kamasungunuka, njira n'kuduka, magetsi n'kusiya kuyenda. Basi, ntchito yake ndi yomweyo. Imafa yokha kuti mawaya, mota ndi batire zipulumuke.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti kutenthako sikukwera mofanana ndi magetsiwo. Magetsi akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Akawirikiza katatu, kutentha kumawirikiza ka 9. Akawirikiza ka 10, kutentha kumawirikiza ka 100. N'chifukwa chake shoti ikachitika, waya amene masiku onse amangofunda pang'ono amayamba kufuka utsi m'kanthawi kochepa zedi.

Mafyuzi ambiri a timano tiwiri, onga a m'galimoto aja, kachitsulo kake n'ka zinki, yomwe imasungunuka pa madigiri 420. Kopa, amene ali m'mawaya, amasungunuka pa madigiri 1,085. Pulasitiki yokutira mawayawo imakhala itasungunuka kalekale kutentha kusanafike pamenepo. Ndiye mukachotsa fyuzi n'kumangapo waya wonenepa wa kopa kapena kukhomapo msomali, vuto simunalithetse ayi. Mwangochotsa mlonda pakhomo. Malo ofooka tsopano asamukira kwina kumene simukuona, mwina pa mawaya odutsa pafupi ndi batire, mwina m'kati mwa kontirola.

Chizolowezi chimenechi tinachitengera kunyumba. Mapulagi a mano atatu amene timagwiritsa ntchito kuno ku Malawi amakhala ndi fyuzi m'kati, kawirikawiri ya 13A, ndipo tonse tinaonapo munthu akuikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu kuti ayironi ipitirize kugwira. N'zoopsa kale kunyumba, koma pa pallet jack n'zoopsa koposa.

Batire la 24V silisewera

Anthu ambiri amaderera batire la makinawa chifukwa ndi la 24V, pomwe magetsi a ESCOM ndi a 230V. Amati awa ndi magetsi a ana, sangagwire munthu. N'zoona kuti 24V kawirikawiri siikunjenjemeretsani mukaikhudza ndi dzanja louma. Koma ngozi yake ili pena.

Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a fomu 2. Mphamvu ya chipangizo, imene timayeza mu ma watt, timaipeza pochulukitsa ma volt ndi ma amp. Ketulo ya ma watt 2,000 pa magetsi a 230V imakoka ma amp osakwana 9. Mota ya ma watt 1,200 pa batire la 24V imakoka ma amp 50. Mwaona? Mota ndi yocheperapo mphamvu poyerekeza ndi ketulo, koma ma amp ake ndi ochuluka kuposa kasanu. Ndipo pamene makina akunyamuka ali ndi katundu, kapena akukwera kamtunda kolowera m'thiraki, mota imakoka ochuluka kuposa pamenepo. N'chifukwa chake mawaya a batire amakhala onenepa ngati chala, ndipo fyuzi yaikulu imakhala ya ma amp 100 kapena kupyola.

Tsono batire limene limatha kupereka ma amp ochuluka chonchi, likachita shoti limatulutsa mazanamazana, mabatire aakulu mpaka masauzande. Sipanala ikagwera pa mitu iwiri ya batire imathetheka ngati pa welding. Mphete ya pachala ikagunda pamenepo imatentha nthawi yomweyo n'kuwotcha chala chonse. Palinso china: mabatire a asidi akamachajidwa amatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umayaka ukangokwana magawo 4 pa 100 aliwonse a mpweya wa m'chipindamo. Kamoto kamodzi kothetheka pafupi ndi batire lomwe langochoka pa chaja n'kokwanira. Ndiye kumbukirani zimene zimadzaza m'maweyahausi athu: makatoni, mapaleti a matabwa, mapulasitiki, mabelo a fodya, mafuta ophikira. Zonsezi ndi nkhuni.

Mafyuzi ake ali angati?

Zimatengera mtundu wa makina. A Toyota, Jungheinrich, Linde, Crown, Heli ndi Hangcha onse ali ndi kakonzedwe kawo, choncho buku limene linabwera ndi makinawo ndiye mwini nkhani. Komabe, ambiri amakhala ndi magulu awiri.

Gulu loyamba ndi fyuzi yaing'ono, kawirikawiri ya pakati pa 5A ndi 10A. Imeneyi imateteza mbali yolamula makina: kiyi, mabatani a pa chigwiriro, hutala ndi kasikirini kosonyeza mphamvu ya batire. Nthawi zambiri imakhala ya timano tiwiri, yongobaya.

Gulu lachiwiri ndi fyuzi zazikulu zomanga ndi mabawuti. Makina ena ali ndi imodzi yoteteza zonse, ena ali ndi ziwiri: ya mota yoyendetsa ndi ya mota yopopa mafuta onyamulira mafoloko.

Kudziwa zimenezi kumathandiza kulondola vuto. Makina akazima kotheratu, kasikirini osayaka, hutala osalira, yambani mwaona batani lofiira loimitsira makina mwadzidzidzi ngati silinadinidwe, kenako pulagi ya batire ngati yalowa bwino, kenako fyuzi yaing'ono ndi yaikulu ija. Makina akamayenda koma osanyamula, kaikirani mbali ya pampu. Akamanyamula koma osayenda, kaikirani mbali ya mota yoyendetsa. Ndati kaikirani, chifukwa nthawi zina vuto silikhala fyuzi n'komwe, limakhala switchi ya pa chigwiriro kapena kontirola. Dziwaninso kuti ambiri mwa makinawa buleki yake imagwira yokha magetsi akazima. Ndiye mukaona akukana kukankhidwa, musawakoke ndi forklift kapena kuitana gulu kuti likankhe, mungowononga tayala ndi buleki.

Zinthu zinayi zoti zifanane

Mukapita kukagula fyuzi ina, musangonena kuti “ndipatseni fyuzi ya pallet jack.” Tengani yakaleyo m'thumba, kapena ijambuleni pa foni mbali zonse kuti manambala aoneke. Pali zinthu zinayi zimene ziyenera kufanana.

Choyamba ndi ma amp. Ngati panali ya 10A, pabwerere ya 10A. Mukaika yaing'ono, izingopsa makina ali bwinobwino. Mukaika yaikulu, ndiye mwalola kuti waya alandire magetsi oposa amene angapirire. Kumbukirani masamu aja: kuika ya 20A pamalo pa ya 10A ndiye kuti mwavomera kutentha kowirikiza kanayi fyuzi isanaganize n'komwe zopsa. Dziwaninso kuti fyuzi ya 10A siipsa magetsi akangofika 11A. Imatha kupirira kwa maola ambiri pamenepo, ndipo imapsa m'masekondi ochepa akafika cha m'ma 20A. Opanga makina anawerengera kale zonsezi posankha nambala imene anaikapo, si ntchito yathu kuwakonzera.

Mafyuzi a timano tiwiri a saizi ya m'galimoto ali ndi mitundu yodziwika padziko lonse. Ya 7.5A ndi yabulauni, ya 10A ndi yofiira, ya 15A ndi yabuluu, ya 20A ndi yachikasu, ya 30A ndi yobiriwira. Mtundu umathandiza kuona mwachangu, koma werengani nambala yolembedwa pamwamba pake nthawi zonse, chifukwa mafyuzi a saizi zina mitundu yake imatanthauza manambala ena.

Chachiwiri ndi ma volt, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Mafyuzi wamba a m'galimoto anapangidwira magetsi osapyola 32V. Pa makina a 24V ali bwino, chifukwa batire la asidi la 24V likamachajidwa limafika cha m'ma 29V, osapyola malire aja kwenikweni. Koma pali makina ena, makamaka a mabatire a lithium ndi aakuluakulu, amene ndi a 48V. Pamenepo fyuzi ya 32V siyoyenera ngakhale ma amp atafanana. Pamafunika zolembedwa 58V kapena 80V.

Chifukwa chake n'chiti? Kachitsulo kakasungunuka, magetsi amayesa kulumpha pa mpata umene watsalawo, n'kupanga kalawi ngati ka welding. Magetsi a ESCOM amasinthasintha mbali, ndipo amadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi iliyonse, choncho kalawiko kamazima mosavuta. Magetsi a batire amangoyenda mbali imodzi osapumira, ndiye kalawi kake kamakakamira. Fyuzi yochepa ma volt imatha kusungunuka koma magetsi n'kumadutsabe pa kalawiko, mpaka pulasitiki yake kuyaka. Pa chifukwa chomwechi, fyuzi yolembedwa 250V AC yokha musaiyese yamphamvu kuposa ya 80V DC. Funani zilembo za DC. Lamulo lake n'losavuta: ma volt a fyuzi akhoza kuposa a batire, koma asachepere.

Chachitatu ndi liwiro la kapsedwe. Pali mafyuzi opsa msanga, pali ena odekha amene amalola mota kukoka magetsi ambiri kwa kamphindi ponyamuka. Awiri akhoza kulembedwa 150A onse koma khalidwe lawo n'kusiyana. N'chifukwa chake zilembo zimene zili pafupi ndi nambala, monga ANL, CNN, MEGA kapena MIDI, n'zofunika kuzitchula kwa wogulitsa.

Chachinayi ndi maonekedwe ndi kutalika. Mabowo a mabawuti ayenera kugwirizana ndi pomangira pake popanda kupinda kapena kuboola kwina. Fyuzi yokakamiza siikhala bwino, ndipo yosakhala bwino imatentha.

Funso lenileni: yapsa chifukwa chiyani?

Fyuzi siipsa chifukwa chokwiya. Ikapsa ndiye kuti ikukuuzani kanthu, ndipo kungosintha osafufuza kuli ngati kumwa panado tsiku lililonse osakayezetsa malungo.

Choyambitsa chodziwika kwambiri ndi kudzaza katundu mopyola. Makina alionse ali ndi kachitsulo kolembedwa kulemera kumene angathe, ambiri ndi pakati pa makilogalamu 1,500 ndi 2,000. Makilogalamu 2,000 ndi matumba 40 a feteleza a makilogalamu 50. Mukasanjikiza matumba 50 kuti muthe msanga, mota ndi imene imalipira. Chimodzimodzi kukankhira mapaleti awiri pamodzi, kapena kukakamiza makina pa kamtunda ataima kale.

China ndi zinyalala zokulungika m'matayala. Pulasitiki yokutira katundu ija ndi zingwe za masaka zimalowa m'matayala aang'ono a kutsogolo kwa mafoloko, tayala n'kumalimba, mota n'kumavutika tsiku lonse. Kungotenga mpeni n'kuchotsa zimenezi madzulo alionse kumapulumutsa zambiri.

China ndi waya wonyuka. Mawaya odutsa pa chigwiriro amapindika kambirimbiri patsiku, ndipo amene amakhula pa chitsulo amasupuka. Makoswenso, amene sasowa kosungira chimanga ndi soya, amatafuna mawaya. Madzi nawo ndi mdani: makina otsukidwa ndi payipi kapena osiyidwa pamvula.

Pali china chimene chimapusitsa ngakhale ozolowera: bawuti yosamanga bwino. Pamalo polekera kapena pochita dzimbiri magetsi amadutsa movutikira, ndipo pamatentha. Pa ma amp 100, kulekera kochepa kwambiri, kwa 0.01 ohm, kumatulutsa kutentha kwa ma watt 100, ngati babu lakale lija lowotcha dzanja, koma pa kamalo kochepa ngati chikhadabo. Kutentha kumeneko kumalowa mu fyuzi n'kuisungunula ngakhale makina alibe vuto lina. Mukaona pomangira fyuzi pada kapena pulasitiki yake yakwinyika, vuto lili pamenepo.

Batire lotheratu nalonso limavutitsa mota ndi zolumikizira zake. Kasikirini kakasonyeza kuti mphamvu yatsika kwambiri, kachajeni, osati kumangoti “katrip kamodzi kokha.”

Kasinthidwe koyenera

Ngati pamalo panu pali makaniko kapena kampani yosamalira makinawa, ntchitoyi ndi yawo, makamaka fyuzi zazikulu. Koma ngati munaphunzitsidwa ndipo mwaloledwa, ndondomeko yake ndi iyi.

Imikani makina pamalo athyathyathya, tsitsani mafoloko pansi, zimitsani ndi kiyi n'kuichotsa. Dinani batani lofiira, kenako zulani pulagi ya batire. Ngati makina ali pa chaja, achotseni kaye. Dikirani mphindi zingapo, chifukwa kontirola imasunga magetsi kwa kanthawi ngakhale batire litachotsedwa. Vulani mphete, wotchi ndi tcheni.

Fyuzi musaiweruze ndi maso okha. Ina imaoneka yabwino koma itaduka pobisika. Ichotseni n'kuiyeza ndi multimeter, pa gawo lija limalira waya akakhala wolumikizana. Ikalira, fyuzi ili bwino, vuto lili kwina. Ikapanda kulira, yapsa.

Musanaike yatsopano, yang'anani mawaya, matayala ndi pomangira. Pukutani dzimbiri, mangani mabawuti molimba koma osapotokola fyuziyo. Bwezerani chivundikiro musanalumikize batire. Yesani makina opanda katundu poyamba.

Ikapsanso nthawi yomweyo kapena tsiku lomwelo, imani pomwepo. Osaika yachitatu, osaika yaikulupo. Lembani pepala loti makina awonongeka, lipachikeni pa chigwiriro, dziwitsani kapitawo. Safunsa anadya phula.

Chenjerani ndi mafyuzi achinyengo

Pamsika pali mafyuzi otchipa ogulitsidwa m'mapaketi aakulu opanda dzina la wopanga. Ena mwa amenewa nambala yolembedwa pamwamba siigwirizana ndi kachitsulo kali m'katimo, moti yolembedwa 10A imatha kupirira magetsi ochuluka kwambiri osapsa. Fyuzi yotero ndi msomali wovala yunifolomu. Funani yokhala ndi dzina la wopanga, ma amp ndi ma volt olembedwa mooneka bwino. Mayina odziwika pa ntchitoyi ndi monga Littelfuse ndi Bussmann. Malo abwino ogula ndi kwa ogulitsa makinawo kapena m'mashopu odalirika a zamagetsi a galimoto.

Kwa mabwana, nkhani ndi ya masamu. Fyuzi ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa makina onsewo. Kontirola, monga za Curtis kapena Zapi zimene zili m'makina ambiri, ndi chimodzi mwa zodula kwambiri, ndipo kawirikawiri imachita kuitanitsidwa kunja. Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera kuno, makina akhoza kukhala pakona masabata ambiri, anyamata n'kubwerera ku zonyamula pamsana. Kusunga mafyuzi awiri kapena atatu a mtundu uliwonse mu kabati ya kapitawo kumatseka mpata wa “tangomangapo kawaya” uja. Anthu samanga waya chifukwa chokonda ngozi, amamanga chifukwa fyuzi yoyenera palibe ndipo thiraki ikudikira.

Mukauzidwa kuti mumange waya

Apa ndiye povuta, ndikudziwa. Ambiri m'maweyahausi ndi aganyu, ndipo kukana zimene wakuuza wamkulu kumaoneka ngati kudzichotsa ntchito wekha. Komabe dziwani kuti dziko lino lili ndi lamulo la mu 1997 lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act, limene limapereka udindo kwa olemba ntchito woonetsetsa kuti makina ndi malo ogwirira ntchito ndi otetezeka. Ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi kumene madandaulo otere amapita.

Simukufunika kukangana ndi munthu. Mukhoza kungonena mwaulemu kuti, “Bwana, fyuziyi yapsa kawiri, ndikuopa kuti tikamanga waya tiwotcha kontirola. Bwanji tigwiritse kaye ntchito jeke yamanja pamene tikudikira amakaniko?” Mabwana ambiri mawu oti chitetezo amawalowa pang'onopang'ono, koma mawu oti kontirola amawamva msanga. Ngati n'kotheka tumizaninso uthengawo pa WhatsApp kuti pakhale umboni woti munanena.

Onaninso kumene kuli chozimitsira moto pamalo panu, ndipo chikhale cha ufa kapena cha CO2, osati madzi. Mukamva fungo la pulasitiki yopsa, dinani batani lofiira, zulani pulagi ya batire ngati mungathe kutero osadziika pangozi, chenjezani anzanu. Batire la lithium likayamba kufuka utsi kapena kutupa, musalimbane nalo, talikirani ndipo itanani ozimitsa moto a khonsolo.

Kwa amene nkhaniyi yakusangalatsani, dziwani kuti makina a batire akuchulukirachulukira: ma pallet jack, ma forklift, ma sola, njinga zamoto za magetsi. Onsewa amafuna munthu wodziwa magetsi a DC. Maphunziro a zamagetsi amapezeka m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe ndi Mzuzu kudzera ku TEVETA. Munthu wodziwa kugwira multimeter n'kufotokoza chifukwa chimene fyuzi yapsera sachedwa kusiya kunyamula matumba.

Ngati muli ndi m'bale kapena mnzanu wogwira ntchito m'weyahausi, kuno kapena ku Joni, mutumizireni nkhaniyi. Ndipo inu amene mumayendetsa makinawa, mawa mukafika ku ntchito funsani kapitawo mafunso awiri: makina athu ndi a 24V kapena 48V, nanga mafyuzi apadera timasunga pati? Yankho limene akupatseni mutiuze m'makomenti.